Funsani za Makina: Kuthamangitsa kompyuta yakale kuno kotentha osaipsereza

Zikomo nonse amene mwatumiza mafunso mwezi uno. Ambiri afika pa nkhani imodzimodzi, yokweza liwiro la purosesa ya kompyuta yakale kuti idutse pomwe anaiikira ku fakitale, zija anyamata amangoti overclock. Ndasankha makalata asanu, ena ndawadula pang'ono kuti malo akwane. Loyambali ndichedwa nalo chifukwa muli zambiri zomwe enanso afunsa.

FUNSO: Achimwene, ine ndili ndi kamalo ka fotokope komanso ndimakonza mavidiyo a maukwati pafupi ndi msika ku Moatize. Kompyuta yanga ndi yakale, purosesa Core 2 Duo E8400, bodi ya P45, RAM 4 GB, ndinagula kwa munthu wina ku Tete zaka zitatu zapitazo. Mnzanga anandiuza kuti ndikalowa mu BIOS, muja mosinthira makonzedwe a bodi kompyuta ikangoyaka, nditha kuikweza kuchoka pa 3.0 kufika pa 3.6 GHz, ndinapangadi ndipo anandiuzanso kuti ndiwonjezere volteji kuti ilimbe. M'mawa imagwira bwinobwino, vidiyo ikutha msanga kusiyana ndi kale, koma ikangokwana cha m'ma 11 koloko mpaka 3 masana imayamba kuchedwa kuposa kale, fani kulira ngati chigayo, kenako imangozima yokha ntchito ili pakati. Sabata yatha yazima ndili pafupi kumaliza vidiyo ya ukwati eni ake atakhala pabenchi kudikira, manyazi anandigwira. Kodi ndaiwononga?
Mnyamata wa ku Moatize

YANKHO: Pepani achimwene, ndikudziwa mmene zimawawira kasitomala atakhala pomwepo makina n'kuzima. Koma mtima pansi, simunaiwononge. Kuzimako ndi purosesa kudziteteza yokha. Mkati mwake muli kachipangizo koyeza kutentha, ndipo ikayandikira madigiri 100 imayamba yadzichepetsa liwiro, ndiko kuchedwa mukuona masanako, zikakanikabe ndiye imazimiratu kuti isapse. Ndiye vuto lanu si 3.6 kwenikweni, vuto ndi loti mwaipatsa ntchito yambiri musanaikonzere pothawira moto.

Tiyambe ndi mmene nambala imeneyi imapezekera chifukwa ambiri amangosintha osadziwa chomwe akusintha. E8400 inatuluka mu 2008, liwiro lake ndi 333 MHz kuchulukitsa ka 9, n'chifukwa chake imalembedwa 3.0 GHz. 9 uja simungamukweze, Intel anatseka. Chomwe mumakweza ndi 333, yomwe mu BIOS amaitcha FSB kapena CPU Host Frequency, ndipo mukaifikitsa pa 400 ndiye 400 ka 9 ndi 3,600, ndi 3.6 yanuyo. Apa mnzanu sanakunamizeni, mapurosesa ambiri amtunduwu amafika pamenepo mosavuta, ena osawonjezera n'komwe volteji. Pomwe anakusokonezani ndi pa volteji. Kutentha sikukwera mofanana ndi volteji ayi, kumakwera ngati mwaichulukitsa ndi iyo yomwe: mukawonjezera volteji ndi 10 pa 100, moto umakwera ndi 21 pa 100, mukaphatikizapo liwiro lomwe mwakweza ndi 20 pa 100, purosesa yomwe anaipangira mawatsi 65 ikutulutsa cha m'ma 90 kupita m'mwamba. Kafani kakang'ono komwe inabwera nako sanakapangire katundu woteroyo.

Ndiye pali nkhani yomwe mavidiyo a pa YouTube sakuuzani, chifukwa owapanga ambiri amakhala m'zipinda za madigiri 20 kapena 22. Fani siipanga chisanu. Imangotenga mpweya wa m'chipinda mwanu n'kuupemerera pa chitsulo, basi. Mpweyawo ukakhala wotentha, purosesa imayambira pamwamba kale. Ife kuno m'chigwa cha Zambezi, Tete ndi Moatize, Okutobala ndi Novembala timadutsa madigiri 40 panja, nanga m'kasitolo ka malata opanda siling'i, makina a fotokope akutulutsanso moto wawo pambali? Kompyuta yomwe kwa wa pa YouTube uja ikuonetsa madigiri 70, kwa inu ionetsa 90 ndi kanthu, zonse zili chimodzimodzi. N'chifukwa chake m'mawa ilibe vuto. Munthu wa ku Ulongwe kapena Tsangano, kumtunda kozizira kuja, atha kukopera manambala a pa intaneti zimuyendere, ife tiyenera kudziyezera tokha.

Choyamba bwererani mu BIOS muike zonse mmene zinalili, pali polembedwa Load Optimized Defaults. Ikani pulogalamu yaulere yoonera kutentha, Core Temp kapena HWMonitor, komanso CPU-Z yoonera liwiro ndi volteji. Lembani papepala manambala a 7 koloko m'mawa ndi a 1 koloko masana, kompyuta ili chete komanso ikukonza vidiyo. Ndikukhulupirira mudabwa kuti olo pa 3.0 pomwepo ikutentha kale kwambiri.

Kenako tsegulani. Zulani waya kukhoma, dinani batani loyatsira kangapo kuti magetsi otsalira athe, gwirani chitsulo cha bokosi musanakhudze bodi. Yang'anani pansi pa fani ya purosesa pomwe pali chitsulo cha timipata tambirimbiri. Makompyuta a ku Moatize omwe ndatsegulapo ine, pamenepa ndimapeza fumbi lakuda la malasha ndi la mumsewu wa N7 litalukana ngati kabulangeti, moti umatha kulinyamula lonse ndi zala ziwiri osaduka, pansi pake chitsulo chili mbee chifukwa mpweya sunafikeko chaka chathunthu. Fani imazungulira ndithu, kulira kwambiri, koma ikupemerera bulangeti. Chotsani ndi kaburashi ka penti kouma, popani ndi pampu ya njinga, koma gwirani fani ndi chala isazungulire mukamapopa. Nsalu yonyowa ayi.

Mukatero chotsani chitsulocho. Cha Intel chili ndi timiyendo tinayi ta pulasitiki, mumapotoza kalikonse kutsata kamuvi n'kukoka. Pansi pake mupeza phala lotuwa lomwe limalumikiza purosesa ndi chitsulo, m'masitolo a makompyuta ku Tete mukafunse kuti pasta térmica. Ngati kompyuta ndi ya 2008 kapena 2009 ndipo palibe anasinthapo, phalalo lauma, lang'alukang'aluka ngati dothi la m'dambo m'chilimwe, ukalikhudza limangoyoyoka. Ntchito yake ndi kudzaza timaenje tosaoneka ndi maso pakati pa zitsulo ziwirizi, likauma mumalowa mpweya ndipo moto sudutsa. Pukutani mbali zonse ndi kansalu kofewa ndi álcool wa ku farmácia, wamphamvu kwambiri amene mungapeze, kachasu ayi muli madzi ambiri. Dikirani paume. Ikani kadontho kamodzi pakati, kukula ngati njere ya nandolo yaing'ono, osapaka ngati majarini pa buledi, chitsulo chikakanikiza limafalikira lokha. Pobwezera timiyendo tija dinani mopingasa, ka kumanzere kumtunda kenako ka kumanja kumunsi, ndipo kalikonse kalire kuti khethe. Apa ndi pomwe anthu ambiri amalakwitsa, kamwendo kamodzi kakapanda kulowa chitsulo chimakhala chopendekeka ndipo kompyuta imatentha kuposa musanaitsegule. Ngati mungathe yang'anani kuseri kwa bodi muone ngati tonse tinayi tatulukira. Kamwendo kakathyoka musamange ndi waya, pezani china, okonza makompyuta amakhala nazo zambiri za LGA775, ndilo dzina la pokhalira purosesa pa bodi yanu.

Ngati mukufunadi 3.6 ya tsiku ndi tsiku, ndalama yabwino kuiwononga ndi ya cooler yaikulu yoimirira, ya timapaipi ta kopa ndi fani ya mamilimita 120, monga Hyper 212 ya Cooler Master, bola mutsimikize kuti ili ndi zomangira za LGA775 komanso kuti bokosi lanu litsekeka, chifukwa ndi yaitali. Bokosinso lipume: fani imodzi kutsogolo yokoka mpweya, ina kumbuyo yotulutsa, mawaya amangidwe pambali. Chotsani kompyuta pansi pa simenti pomwe fumbi lonse la otsetsa limathera, ikwezeni pa tebulo, italikirane ndi khoma ndi makina a fotokope, dzuwa la pazenera lisaiombe. Kutsogolo mutha kumata kaneti ka udzudzu kapena sokosi yopyapyala ya amayi kuti isefe fumbi, koma muzikung'untha sabata iliyonse, mukaiwala isanduka bulangeti lina.

Mukamaliza zonsezi ndiye mwafika pokweza, ndipo kwezani pang'onopang'ono. Volteji ichotseni pa Auto muike pa nambala yomwe purosesa yanu inabadwa nayo, Core Temp imaionetsa polembedwa VID, chifukwa mabodi ambiri ukasiya pa Auto amathira volteji yambiri okha FSB ikamakwera. PCI Express muikhomere pa 100. RAM nayo imakwera limodzi ndi FSB, anthu ambiri saidziwa imeneyi ndipo amaimba mlandu purosesa pomwe wakomoka ndi RAM. Ngati yanu ndi DDR2-800 sankhani chochulukitsa chotsikitsitsa kuti pa FSB 400 ikhale pa 800 ndendende. Ndiye kwezani 333 kufika 343, yatsani, yesani, kenako 353, choncho. Poyesa gwiritsani Prime95, pulogalamu yopanikiza purosesa ndi ntchito, kwa theka la ola pa sitepe iliyonse maso ali pa kutentha. Ndipo ndikupempheni chinthu chimodzi, yesani masana, 1 koloko, zitseko zili mmene zimakhalira tsiku la ntchito. Kuyesa usiku n'kudzinamiza. Ine malire anga ndi madigiri 80, ikadutsa pamenepo pa Prime95 ndimabwerera sitepe imodzi osakambirana. Ikaonetsa sikirini ya buluu kapena Prime95 ikadandaula koma kutentha kuli bwino, ndi pokhapo mungawonjezere volteji kachidutswa kamodzi, ndipo pa E8400 musadutse 1.36, ndi pomwe Intel eni ake anaika malire a VID. Mukafika pomwe mwakhutira isiyeni pa Prime95 maola anayi kapena asanu musanaikhulupirire ndi ukwati wa anthu.

Mabodi ambiri a P45 amalola kusunga makonzedwe angapo mu BIOS. Ine ndikanakhala inu ndikanasunga awiri, wina wa 3.6 wa Meyi, Juni, Julayi, wina wa 3.2 kapena 3.0 yeniyeni wa Seputembala mpaka mvula itakhazikika. Mavidiyo aakulu muziwasiya akukonzeka m'mamawa kapena madzulo. Kusiyana kwa 3.0 ndi 3.6 ndi koti vidiyo yomwe imatenga ola limodzi kukonzeka itha pa mphindi 50, phindu ndi mphindi 10, pomwe ikazima pakati mwaluza ola lonse ndi nkhope ya kasitomala.

FUNSO: Moni bambo. Ndine mphunzitsi ku Ulongwe, ndili ndi Dell OptiPlex ya i5-2400 yomwe mlamu wanga anandibweretsera kudzera pa Calomue. Ndafufuza mu BIOS monse sindikupeza posinthira liwiro. Kuno n'kozizira ndiye ndimati ndipezerepo mwayi. Poyaka imatenga mphindi zitatu, ndikatsegula Word ndi Chrome limodzi imauma.
Aphunzitsi a ku Ulongwe

YANKHO: Aphunzitsi, simukupeza chifukwa palibe. Makompyuta a m'maofesi a Dell, HP ndi Lenovo anawatseka dala kuti akhale zaka zambiri osavuta. Komanso kuyambira 2011, mbadwo wa i5-2400 yanuyo, Intel anasintha kapangidwe moti njira ya FSB ndafotokoza pamwambayi inatha, pa mbadwo umenewo pamafunika purosesa ya chilembo K kumapeto, monga i5-2500K, ndi bodi ya P67, Z68 kapena Z77. Yanu ilibe zonsezi. Mapulogalamu a pa intaneti olonjeza kuti akuthamangitsirani kompyuta mukangodina batani limodzi musawaike, ambiri ndi mavairasi.

Koma zomwe mwalembazi si matenda a purosesa. i5-2400 ili ndi mitima inayi pa 3.1 GHz, Word siingaitopetse. Chomwe chikukuchedwetsani ndi hadi disiki yakale ija yozungulira mbale mkati. Gulani SSD ya SATA, disiki yopanda mbale yozungulira, olo ya 240 GB, muikemo Windows, yakaleyo ikhale yosungira mafayilo a ana asukulu. Mphindi zitatu zija zitsika kufika pansi pa theka la mphindi, ndipo palibe overclock padziko pano yomwe ingakupatseni zimenezo. RAM ngati ili 4 GB onjezerani ifike 8, ndi DDR3, yachikale imapezeka yotchipa. Ndikunena izi mobwereza chifukwa ndimamva chisoni kuona anthu akuika makina pachiswe kufuna 15 kapena 20 pa 100, pomwe mankhwala enieni ali poyera.

Kanthu kena poti kompyuta yachokera kunja: yang'anani kumbuyo pomwe pamalowa waya wa magetsi. Zina zakale zili ndi kaswichi kofiira kolembedwa 115 ndi 230. Kuno magetsi athu ndi 220, ndiye kakhale pa 230 nthawi zonse, ndipo ana asakaseweretse. Kakapita pa 115 mungomva phaa ndi utsi.

Ena amva za njira yomata kachidutswa ka tepi pa kadontho kamodzi ka pansi pa Core 2 Quad Q6600 kuti bodi yotsekedwa iiwerenge ngati 333 m'malo mwa 266, n'kuchoka pa 2.4 kufika pa 3.0 GHz. Imagwiradi pa mabodi ena. Koma purosesa imeneyo ndi ya mawatsi 95 kapena 105 isanakwezedwe n'komwe, ndipo mu timabokosi tating'ono ta m'maofesi mulibe popumira. Ku Angónia kwanuko mwina, ku Tete sindingamulangize munthu.

FUNSO: Achimwene ndithandizeni. Mwana wanga wa zaka 17 ali ndi kompyuta yomwe malume ake anamutumizira kuchokera ku Johannesburg, akuti ndi 2500K, amaseweretsa magemu. Masiku ano akuti waikweza kufika 4.5 ndipo amaisiya yoyaka usiku wonse akuti akuiyesa. Credelec, mayunitsi a magetsi olipiriratu aja, ikutha msanga, ndipo ndili ndi mantha kuti tsiku lina nyumba ipsa tili m'tulo. Ndimuletse?
Mayi wa ku Matundo, Tete

YANKHO: Mayi, mantha anu ndi omveka ndipo mwachita bwino kufunsa. Ndiyambe ndi kumuikira kumbuyo mwanayo pang'ono: i5-2500K anaipanga dala kuti izikwezedwa, inatuluka mu 2011 pa 3.3 GHz ndipo ambiri amaifikitsa pa 4.4 kapena 4.5 ali ndi cooler yabwino. Zomwe akuphunzira pamenepo, kuyeza, kulemba, kuyesanso, ndi ntchito yomwe mawa ingamudyetse. Musamuletse, koma mukhale naye pansi mugwirizane zinthu zingapo. Akuonetseni pa sikirini kutentha ikamagwira ntchito masana, kusadutse 80, ndi volteji isadutse 1.35. Kuyesa kwa usiku wonse ndi kwa kamodzi kapena kawiri akamaliza kukonza, si kwa tsiku lililonse, ndipo kuno kwathu kuyesa kwanzeru ndi kwa masana munthu ali maso pompo. Mu BIOS asazimitse SpeedStep ndi zija za C-state, zimathandiza kuti kompyuta ikakhala chete izitsika yokha liwiro n'kumadya magetsi ochepa.

Za Credelec, overclock payokha siidya zambiri. Tinene kuti ikuwonjezera mawatsi 40 kwa maola 5 patsiku, pamwezi ndi mayunitsi 6. Chomwe chikukudyerani ndi kompyuta yonse, ndi khadi la magemu lomwe, kukhala yoyaka usiku wonse ikugwira ntchito mwamphamvu. Mawatsi 200 kwa maola 8 ndi yunitsi imodzi ndi theka ndi kanthu usiku umodzi wokha.

Za moto, purosesa siiyatsa nyumba, ndanena kale kuti imazima yokha. Choopsa ndi bokosi la magetsi la mkati, lija amati fonte, ndi maekisitenshoni otchipa. Izi ndinazionapo ndi maso anga. Chaka china m'Okutobala ndinakweza Q6600 ya kasitomala pa 3.0, kutentha kuli bwino, ndinasintha phala, ndinaika cooler yatsopano, zonse, koma fonte sindinaiyang'ane. Inali ya zija zopepuka ngati chitini chopanda kanthu, papepala atalemba mawatsi 500. Tsiku lachitatu masana ndinamva fungo ngati la pulasitiki yopsa, ndisanafike pa swichi panalira kuti thuu, ndipo inapita ndi bodi komanso hadi disiki momwe munali zithunzi za banja la munthuyo. Bodi ndinamugulira ina, zithunzi sizinabwerere, ndipo mpaka lero zimandiwawa. Nditaitsegula fonte ija ndinapeza timigolo tating'ono tija totchedwa ma capacitor titatupa pamwamba ngati mandasi, tina tikutuluka zinthu zofiirira. Ndiye mwana wanu ayang'ane dzina ndi kulemera kwa fonte yake, ikhale ya kampani yodziwika. Asaitsegule mkati yekha, mumakhala magetsi olo mutazula waya. Aonenso timigolo ta pa bodi pafupi ndi purosesa, tikhale tafulati pamwamba. Pulagi ikamatentha kapena kuda, sinthani lero lomwe. Ndipo nyengo ya mvula, ziphaliwali zikayamba kapena magetsi akamaphethira, zulani kukhoma. Estabilizador kapena UPS imathandiza, olo tili pafupi ndi damu la magetsi la Cahora Bassa mawaya a m'mabairro mwathu amasewerabe.

FUNSO: Pasta térmica kuno kulibe. Anzanga akuti mankhwala otsukira mano amagwira. Komanso ndikuganiza zoika botolo la madzi oundana mkati mwa bokosi pafupi ndi fani. Zingatheke?
Wowerenga wa ku Zóbuè

YANKHO: Zonse ziwiri ayi. Mankhwala otsukira mano muli madzi, tsiku loyamba muona ngati zatheka, pakatha masiku ochepa auma gwaa ndipo kutentha kubwerera kuposa kale. Kachubu kamodzi ka phala lenileni kamakwana makompyuta angapo, tumani wa minibasi wopita ku Tete akugulireni, kapena wowoloka kupita ku Mwanza ndi Blantyre. Podikira, phala lakalelo musalichotse, ingotsukani fumbi n'kuisiya pa liwiro lake la ku fakitale.

Botolo la madzi oundana mukudziwa mmene limachitira thukuta mukaliika pa tebulo. Madontho amenewo mkati mwa kompyuta ndi imfa ya bodi. Ngati mwapanikizika tsiku lotentha, tsegulani chivundikiro cha m'mbali muloze fani ya m'nyumba mkatimo, imatsitsadi madigiri angapo, kungoti fumbi, mphemvu ndi abuluzi apeza khomo, ndiye zikhale za tsiku limodzi osati za chaka.

FUNSO: Bambo, ndinasintha manambala mu BIOS, nditasunga kompyuta inazima ndipo pano ikayaka mafani amazungulira koma sikirini ili bii, olo BIOS yomweyo sikubwera. Kuno wokonza ali kutali ndipo ndimagwiritsa ntchito sola ndi inveta. Yafa?
Wowerenga wa ku Furancungo

YANKHO: Nthawi zambiri siinafe, yangosunga manambala omwe siingathe kuyaka nawo, ndiye tiyenera kuiiwalitsa. Zulani waya wa magetsi. Pa bodi pali kabatire kozungulira konyezimira ngati ndalama yachitsulo, kolembedwa CR2032. Kanikizani kachitsulo ka m'mbali katuluke, dinani batani loyatsira kwa masekondi 15, dikirani mphindi zisanu, bwezerani kabatire mbali ya + ili pamwamba, yatsani. Mabodi ena ali ndi timapini tolembedwa CLR_CMOS kapena CLRTC, mumangotikhudzitsa ndi sikuludiraiva masekondi angapo magetsi atazulidwa. Ikayaka ikufunsani tsiku ndi nthawi, konzani chifukwa deti ikalakwika masamba ambiri a pa intaneti amakana kutseguka. Ikakanabe chotsani RAM yonse, pukutani timano take tagolide ndi labala ya pensulo, bwezerani kamodzi kokha muyese. Kabatire kaja ngati n'kakale kasintheni, ogulitsa mawotchi ndi makiyi a galimoto amakhala nako.

Koma poti muli pa sola, ine ndikanapita mbali inayo. Mu BIOS momwemo mutha kutsitsa volteji pang'ono liwiro lili lomwelo, sitepe imodzi imodzi mukuyesa ndi Prime95 ngati mmene ndafotokozera kwa achimwene a ku Moatize. Mapurosesa ambiri anawapatsa volteji yoposa yomwe amafunikira, ndiye mukaitsitsa kompyuta imazizira, fani imakhala chete, ndipo batire la sola limakufikitsani patali madzulo. Mukayesa mundilembere manambala omwe mwapeza, mutchule dzina la bodi, purosesa, ndi nthawi yomwe munayezera.